Mphete ikukana kutseka? Kuthetsa mavuto a synthesis ya ma ring ndi ma enolate

Funso lake ndi lomweli chaka ndi chaka. Ana athu a kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene ali ku Zomba, ku MUST, ku MUBAS kapena ku Mzuni akabwera pa holide amabwera ndi mapepala a organic, zonse zimayenda, koma akangofika pa funso loti konzani synthesis ya compound ya mphete iyi kuyambira pa cyclohexanone cholembera chimaima. Ena ali pa project ndithu, reaction ayika koma mu flask mwatuluka zakuda zomata. Ambiri mwa mavuto amenewa amayambira pa pepala munthu asanakhudze botolo, ndiye ndawasanja potengera zimene mukuona, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimapezeka kawirikawiri. Maganizo anga ndiwanene poyamba, ife a kuno tizikonza njira zodutsa pa malonate, acetoacetate ndi enamine, LDA (lithium diisopropylamide, base yamphamvu kwambiri) tizimusiya pokhapokha palibe kuchitira mwina, chifukwa chake muchiona kumunsiku.

Ma pKa awa (nambala ikakhala yotsika, hydrogen amachoka mosavuta) asachoke m'mutu, timabwererako nthawi zonse: 1,3-diketone ngati acetylacetone pafupifupi 9, beta-keto ester 11, malonate 13, ethanol 16, ketone wamba 19 mpaka 20, ester 25, diisopropylamine 36. Ethoxide imachotsa hydrogen pafupifupi pa malonate yense n'kusiya enolate (anion yotsala hydrogen wa pambali pa carbonyl akachoka), koma pa ketone wamba imangochotsa pang'ono kwambiri, yambiri imakhala ikadali ketone.

1. Mwayang'ana target koma simukudziwa podula

Choyamba, mukuyesa kuyambira kutsogolo. Bwererani m'mbuyo kuchokera pa target (compound imene mukufuna kupanga), ndi njira ya retrosynthesis imene E. J. Corey adalandira nayo Nobel mu 1990. Chachiwiri, simunawerenge makaboni ali pakati pa ma functional group. Lembani manambala pa chithunzi penipenipo, osawerengera mu mtima.

- Cyclohexenone: dulani C=C kuti ibwerere ku 1,5-diketone, kenako dulani bond ya Michael addition (pamene enolate imamenya beta kaboni wa enone). Imeneyo ndi Robinson annulation, ya Robert Robinson ndi William Rapson mu 1935.
- Beta-keto ester ya mphete: dulani pakati pa ketone ndi kaboni wonyamula ester, mupeza diester. Dieckmann, 1894.
- Cyclopentenone: ikubwezerani ku 1,4-diketone, ndipo imeneyi siyibwera ndi Michael ayi, imafuna enamine ndi alpha-halo ketone ngati chloroacetone.
- Cyclopentene yokhala ndi CHO pa double bond: ndi 1,6-dialdehyde, imene mumaipeza podula cyclohexene ndi ozone.
- Mphete yopanda ketone mkati koma ili ndi COOH kunja: malonate ndi dibromoalkane.

Chachitatu, chosowa koma chimachitika, target yanuyo ilibe carbonyl n'komwe. Ibwezeretseni pa pepala. Alcohol idali ketone, alkene idali alcohol. Mukatero podula pamaonekera pokha.

2. Mphete yatuluka ya saizi ina

Apa nditenga nthawi chifukwa ndi pamene mamalikisi ambiri amathera.

Chofala kwambiri ndi kuwerengera kaboni amene sali mu mphete. Diethyl adipate ili ndi makaboni 6 mu tcheni, ndiye ambiri amajambula mphete ya 6, koma alpha kaboni ndi C2, akamenya C6 mphete imakhala C2, C3, C4, C5, C6, makaboni 5 basi, C1 watsala kunja ngati ester. Mukafuna ya 6 tengani diethyl pimelate ya makaboni 7. Pa malonate zimatembenuka, mumaonjezera 1 chifukwa kaboni wapakati wa malonate amalowa mu mphete: 1,4-dibromobutane ipereka cyclopentane, 1,5-dibromopentane ipereka cyclohexane.

Chachiwiri ndi kujambula enolate imodzi yokha pamene zilipo ziwiri. Tengani 2,7-octanedione. Enolate ya pa C1 ikamenya C7 ndi mphete ya 7, ya pa C3 ikamenya C7 ndi mphete ya 5, ndipo imene mumaipeza ndi ya 5, 1-acetyl-2-methylcyclopentene. Tsopano 2,6-heptanedione, ya pa C3 ikanapanga mphete ya 4, sizitheka, ndiye ya pa C1 ndi imene imagwira ntchito n'kupereka 3-methylcyclohex-2-enone. Aldol imatha kubwerera m'mbuyo, ndiye molecule imayesa zonse mpaka itakhazikika pa 5 kapena 6 pamene madzi amatuluka. Mphete ya 3 kapena 4 ili ngati kumanga mtolo wa nzimbe ndi luzi lalifupi, mungakoke bwanji limamasuka mukangosiya. Dziwani kuti malonate ndi 1,3-dibromopropane imapanga cyclobutane ndithu, chifukwa SN2 (enolate kukankha bromide n'kulowa m'malo mwake) siyibwerera m'mbuyo, koma aldol ndi Dieckmann musayembekezere zimenezo.

Chachitatu, mukufuna mphete ya 8 mpaka 11. Zimenezi ndi zovuta kwa aliyense, mbali ziwirizo sizikumana msanga ndiye molecule imagwira inzake n'kupanga tcheni chachitali. Mankhwala ake ndi high dilution, kudonthetsa pang'onopang'ono mu solvent yambiri, komabe ndi Dieckmann yield imakhala yomvetsa chisoni.

Chomaliza, malamulo a Jack Baldwin. Enolate imene C=C yake ikhale mkati mwa mphete ikamamenya kaboni wa halide, ya 6 imatseka pa kaboni bwinobwino koma ya 5 imakonda kutseka pa oxygen. Mukapeza enol ether m'malo mwa cyclopentanone, ndi zimenezo.

3. Gulu latsopano lalowa mbali yolakwika ya ketone

Chitsanzo chake ndi 2-methylcyclohexanone. LDA mu THF (solvent ya tetrahydrofuran) pa -78 °C imachotsa hydrogen wa mbali yopanda methyl chifukwa ndi wofikirika msanga, imeneyo ndi kinetic enolate. Base ngati alkoxide mu alcohol pa kutentha wamba imalola hydrogen kupita ndi kubwera mpaka enolate ya mbali ya methyl itachuluka, thermodynamic. Ngati mumafuna kinetic koma mwapeza zosakaniza, onani izi:

- Mwathira LDA mu ketone. Ziyenera kukhala ketone kudonthezera mu LDA, kuti pasakhale ketone yotsala yopatsirana hydrogen ndi enolate.
- LDA ndi yochepa. Ikhale yopitirira pang'ono, ngati 1.05 mpaka 1.1 equivalent. Ngati n-BuLi (n-butyllithium, amene timapangira LDA) wanu ndi wakale nambala ya pa botolo musaikhulupirire, pamafunika titration.
- Bath yatentha. Dry ice ndi acetone ndi zimene zimapereka -78 °C. Ayezi ndi mchere amafika cha m'ma -20 °C basi.

Kukonza kwake kosavuta ndi kuika ester pa mbali imene mukuifuna, hydrogen wa pakati pa ma carbonyl awiri ndi amene amachoka, palibenso mpikisano, pKa 11 ndi 20 ndi zotalikirana kwambiri. Mukamaliza ester mumaichotsa ngati CO2. Njira ina ndi enamine ya Gilbert Stork ya 1954, pyrrolidine ndi ketone, imene pa 2-methylcyclohexanone imapita mbali yopanda methyl popanda kuzizira kulikonse. Ndipo ngati mwayambira pa enone, cuprate ikamenya pa beta kaboni enolate imabadwa pa mbali imodzi yodziwika, mungaigwire pomwepo ndi methyl iodide kapena allyl bromide.

4. Dieckmann yabweza starting material, kapena mwapeza asidi

Chofala: product yanu ilibe hydrogen pakati pa ketone ndi ester. Ma step onse a Dieckmann amabwerera m'mbuyo, chimene chimakokera reaction kutsogolo ndi base kuchotsa hydrogen ameneyo kumapeto. Jambulani product, ngati kaboni wapakatiyo ali ndi magulu anayi opanda H, mphete itseguka. Izi zimathandizanso pa diester yosiyana mbali ziwiri, imatseka mbali imene isiya H.

Chachiwiri: base mwaika pang'ono ngati catalyst. Pamafunika equivalent yathunthu chifukwa product imaidya.

Chachitatu: ethanol ndi wamadzi. Tili m'chigwa cha nzimbe inde, koma ethanol wa 95% kapena spirit wa m'sitolo sagwira apa, madzi aja amasandutsa ethoxide kukhala hydroxide, ester n'kusweka kukhala carboxylate, ndipo carboxylate siyipanga Dieckmann. Chizindikiro chake, pa extraction zinthu zanu zonse zimathawira ku madzi. Pamafunika absolute ethanol wouma.

Chachinayi: base siyikugwirizana ndi ester. Ethyl ester ndi ethoxide, methyl ester ndi methoxide, mukasakaniza mupeza ma ester awiri osakanikirana.

Chachisanu: mwaiwala asidi kumapeto, product ikadali mchere wa enolate mu madzi, ena amaitaya ndi manja awo.

Pali msampha wina pa step yotsatira. Mwapanga ethyl 2-oxocyclopentanecarboxylate, mwaika alkyl pa C2, tsopano H palibe. Mukaiphika ndi alkoxide kapena hydroxide wamphamvu kuti muchotse ester, base imamenya ketone mphete n'kutseguka, ntchito ya ma step awiri yapita. Phikani ndi asidi wamadzi ngati HCl, kapena njira ya Krapcho, lithium chloride mu solvent ya DMSO wa madzi pang'ono pa moto waukulu.

5. Robinson yatulutsa phula

Flask imayamba yachikasu, kenako yofiirira, kenako zomata zokana kuchoka pa galasi, pa TLC (thin layer chromatography) mzere wautali wopanda dontho looneka. Pafupifupi nthawi zonse ndi methyl vinyl ketone, MVK.

- Base ndi yamphamvu kwambiri. Enolate ikamenya MVK pamabadwa enolate ina, imeneyonso imamenya MVK wina, zikungopitirira. Gwiritsani donor (compound yopanga enolate) wa pKa yotsika, 1,3-diketone kapena beta-keto ester, amene amafuna base yofooka.
- MVK wathiridwa yense nthawi imodzi. Adzidonthezedwa, flask ili pa ayezi.
- MVK ndi wakale, wayamba kale kulimba mu botolo. Ngati wayamba kutsala pa galasi ngati manyuchi musamugwiritse ntchito.
- Mukukakamiza ma step onse mu flask imodzi. Agaweni, Michael kaye, tengani 1,5-diketone, kenako aldol payokha.

Robinson mwini wake adazemba vutoli popanga MVK pang'onopang'ono mkati mwa flask kuchokera ku Mannich base, mchere wa methiodide umene umatulutsa MVK base ikaukhudza. Palinso 1,3-dichloro-2-butene ya Wichterle, imalowa ngati alkyl halide kenako asidi amaisandutsa ketone.

Chitsanzo chimene aliyense ayenera kuchijambula osayang'ana ndi Wieland-Miescher ketone: 2-methylcyclohexane-1,3-dione ndi MVK zimapereka triketone, kenako CH3 wa kumapeto kwa tcheni amakhala enolate n'kumenya ketone imodzi ya mu mphete, madzi n'kutuluka. Mphete ziwiri za 6 ndi methyl pa mphambano, ngati mphete A ndi B za ma steroid. Mu 1971 magulu awiri, la Hajos ndi Parrish ndi la Eder, Sauer ndi Wiechert, adaonetsa kuti proline imatha kutseka ma triketone a mtundu umenewu n'kukonda enantiomer imodzi.

Nthawi zina phula palibe koma IR (infrared spectrum) ikuonetsabe OH ndipo enone siyikuoneka. Ndiye kuti aldol yachitika koma madzi sanatuluke, tenthetsani ndi p-toluenesulfonic acid pang'ono. Ikakanabe jambulaninso, mwina enolate inayo ndi imene yamenya n'kupanga mphete ya mlatho, ndipo lamulo la Bredt limakana double bond pa bridgehead ya mphete zazing'ono.

6. Alkylation yapereka alkene, kapena alkyl walowa kawiri

Alkene: halide yanu ndi secondary kapena tertiary, enolate yagwira ntchito ngati base. Methyl, primary, allyl ndi benzyl ndi zimene zimayenda. Bromobenzene ndi vinyl bromide sizipanga SN2, musazilembe pa mayeso.

Kulowa kawiri: product ili ndi hydrogen amene enolate yotsala ikumulanda. Pa ketone wamba ndi sodium ethoxide izi sizipeweka, pamabweranso self-aldol pamwamba pake. Malonate yochulukirapo pang'ono imachepetsa vutoli, enamine nayonso.

Ndipo ngati molecule ili ndi ketone ina imene simukufuna ikhudzidwe, itsekeni kaye ndi ethylene glycol ngati acetal. Acetal siyiopa base koma imachoka ndi asidi wamadzi, ndiye onani ngati step ya decarboxylation siidzaichotsa nthawi isanakwane.

7. Pa pepala zonse zili bwino koma yield ndi yochepa, kapena palibe chachitika

Mabuku athu adalembedwa ndi anthu amene akanena room temperature akutanthauza 20 mpaka 25 °C. Ku Ngabu kapena ku Nchalo mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa 40 °C, ndipo diethyl ether amawira pa 35 °C, dichloromethane pa 40 °C. Mukatsegula botolo la ether masana mumamva likupuma, mu separating funnel chivindikiro chimakankhika chokha. Ndiye zoyenera kuona:

- Chinyezi. Nyengo ya mvula galasi looneka louma limakhala ndi madzi okwanira kupha base. Galasi lichoke mu oven, lizizire litatsekedwa, ndipo pakhale drying tube ya calcium chloride kapena nitrogen. Flask yozizira ikangotsegulidwa mame amayamba pa khosi pomwepo, amenewo akulowanso mkati.
- Base yafa mu botolo. Sodium ethoxide wabwino ndi ufa woyera kapena wachikasu pang'ono, akada n'kuumbana wamwa madzi.
- Kutentha. Ma reagent ngati MVK ndi n-BuLi amafuna firiji, magetsi akamazimazima moyo wawo umafupika. Madzi a mu condenser akakhala ofunda solvent imathawa reaction ili mkati.
- Njira ndi yayitali. Ma step 5 a 80% iliyonse amasiya 33%, akakhala a 70% amasiya 17%. Musanaonjezere protecting group werengerani kaye.

N'chifukwa chake ndimalimbikira njira zakale zija. Kinetic enolate imafuna dry ice, THF wouma, nitrogen ndi n-BuLi wamoyo, zonse zinayi tsiku limodzi, chimodzi chikasowa zonse zagwa. Onani dimedone mmene imapangidwira popanda zonsezo. Diethyl malonate ndi sodium ethoxide, enolate imamenya mesityl oxide pa beta kaboni wa ma methyl awiri, Michael. Kenako CH3 wa ketone amakhala enolate n'kumenya ester imodzi, mphete ya 6 yatseka, ndipo siyitsegukanso chifukwa 1,3-diketone yobadwayo imapereka hydrogen wake kwa base. Hydroxide imaswa ester yotsala, asidi ndi moto zimatulutsa CO2, mumaona thovu likukwera, ikazizira makristo oyera amagwa, osungunuka cha pa 148 °C. Amene wamvetsa chifukwa chake step iliyonse ikupita kutsogolo apa, mafunso ambiri a mphete pa mayeso sangamuvute.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana a lecturer kapena a technician

Zonse zili pamwambazi ndi za pa pepala ndi za mu labu yokhala ndi woyang'anira. Kunyumba kapena mu kalasi ya sekondale yopanda fume hood musayese, chonde anzanga.

- Fume hood siyikukoka, kapena magetsi azima reaction ili mkati. Chotsani moto, tsitsani galasi la hood, tulukani mukaitane. MVK ndi poizoni woopsa, amawira pa 81 °C ndipo mpweya wake umaotcha maso ndi mapapo. Methyl iodide nayenso ndi poizoni, amawira pa 42 °C, kuno ndiye kuti ali pafupi kuwira ali pa tebulo.
- Mwaona makristo kapena ufa woyera pa chivindikiro cha botolo lakale la ether kapena THF. Akhoza kukhala ma peroxide, amaphulika. Osatsegula, osagwedeza, osalisuntha.
- Koyamba kugwira n-BuLi, sodium hydride kapena sodium wachitsulo. Pakhale munthu wodziwa pambali panu. Zikayaka madzi ayi, mchenga wouma. Zotsala zake sizitayidwa mu sinki.
- Procedure ikunena sodium hydride mu DMF kapena DMSO ndi kutenthetsa. Zosakaniza zimenezi zimadziwika kuti zimatha kudzitenthetsa zokha mpaka kuphulika, funsani solvent ina.
- Mukufuna kukulitsa reaction kuchoka pa 1 g kufika pa 20 g kapena kuposa. Kutentha kumene flask yaying'ono imataya mosavuta yayikulu imakusunga.
- Mwabwereza, mwakonza zonse za pa mndandandawu, product ikukanabe. Lekani kutha ma reagent, tengani TLC, IR ndi kope lanu kwa a supervisor, mwina pakufunika NMR kuti mudziwe chimene chili mu flask.
- Mankhwala agwera m'maso kapena pa khungu: madzi oyenda kwa mphindi 15, chotsani zovala zonyowa, kenako kuchipatala mutanyamula dzina la mankhwalawo lolembedwa pa pepala. Ngati mwapuma MVK kapena methyl iodide pitanibe ngakhale mukumva bwino, zizindikiro zake zimatha kuchedwa maola angapo.